Phiri la Mulanje: kumene lili, mmene linakhalira, ndi zimene woyenda ayenera kudziwa

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo lino. Zikomo amayi ndi abambo pobwera. Inu achinyamata amene mwakhala kumbuyoko, tasunthirani kuno pafupi, chifukwa nkhani ya lero kwenikweni ndi yanu. Ambiri mwa inu mukufuna kuyamba kunyamula katundu wa alendo, ena mukufuna kukhala olondolera njira, ndipo ena mumagulitsa nthochi, mananazi ndi ziboliboli m'mbali mwa msewu. Nonsenu mlendo adzakufunsani mafunso, ndiye ndikufuna muzikhala ndi choyankha.

Tiyerekeze mlendo watsika minibasi pa Chitakale, chikwama kumsana, wakupezani n'kufunsa kuti, "Phiri ili n'lalikulu bwanji, nanga ndikwerere mbali iti?" Ambirife timangoloza ndi chala. Tinabadwira m'tsinde mwake, timamwa madzi ake, koma timadziwa mbali imodzi yokha, imene imayang'anizana ndi khomo la nyumba yathu. Wa ku Likhubula amadziwa nsonga ya Chambe. Wa ku Phalombe amadziwa phiri la Mchese. Wa ku Muloza amadziwa kwawo. Koma chimene ndabwera kudzanena lero n'chakuti Mulanje si phiri limodzi ayi. Pamwambapo pali dziko lathunthu, lokhala ndi zigwa zake, madambo ake, mitsinje yake ndi nyengo yakeyake. Amene amalitenga ngati chulu chachikulu choti ukwera mbali ino n'kutsikira mbali inayo, ameneyo ndi amene amasochera.

Tiyambe ndi kumene tili. Phirili lili kummwera chakum'mawa kwa dziko lino, pafupifupi makilomita 65 kuchokera ku Blantyre, ndipo lagona m'maboma awiri, Mulanje ndi Phalombe. Mlendo wochokera ku Limbe ali ndi misewu iwiri: wodzera ku Thyolo ndi ku Luchenza pakati pa minda ya tiyi, kapena wa Midima umene uli wachidule. Akapitirira pa Boma n'kutsata msewu womwewo, akafika ku Muloza pa chipata cha malire, kutsidya kwake ndi Milange, m'dziko la Mozambique. Kukula kwa phirili ndi masikweya kilomita pafupifupi 650. Kuti mumvetse, mbali ina n'kotalika makilomita opitirira 20, mbali inanso chimodzimodzi. Munthu wamphamvu amatha masiku angapo akuyenda pamwamba pokhapokha osaponda malo amodzi kawiri.

Tsono mamangidwe ake ali ngati nyumba yosanja katatu. Pansi pano pamene takhalapa ndi pachidikha, mamita 600 kapena 700 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere. Kuchoka pano phiri limangoimirira njo, matanthwe okhaokha, mpaka ukafike pamalo athyathyathya a mamita pafupifupi 2,000. Pamenepo mpamene pali udzu, timitsinje tozizira ndi tinyumba togona alendo, timene tonse timangoti mahati. Kenaka pamwamba pa malo athyathyathyawo paphukanso nsonga zambirimbiri: Chambe, Nakodzwe, Dzole, Namasile, Chinzama, Matambale, Manene, ndi zina. Mfumu ya zonsezi ndi Sapitwa, mamita 3,002. M'Malawi muno mulibe malo ena okwera kuposa pamenepo, ngakhale ku Nyika.

Ana a sukulu amakonda kundifunsa kuti kodi linaphulika ngati mapiri amoto aja? Ayi. Akatswiri a miyala amati zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi pa dziko koma sunatulukire kunja. Unazizirira mkati momwemo n'kuuma gwa. Kenaka mvula ndi mitsinje zinakhala zikukokolola nthaka ndi miyala yofewa yozungulira, mpaka mwala wolimba uja unatsala wokha poyera. N'chifukwa chake makoma ake ali osalala chonchija. Taonani Chambe uyo. Khoma lake loyang'ana kumadzulo ndi lotalika mamita pafupifupi 1,700, ndipo anthu okwera matanthwe ndi zingwe amachokera kutali kudzaliyesa, poti mu Africa muno khoma lotere n'losowa.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Amene akufuna kulidziwa phiri ili aphunzire mitsinje yake. Mapu a pepala amanyowa, foni imatha moto, koma mtsinje sunama. Madzi onse ogwa pamwambapa amatsika njira ziwiri zokha. Likhubula, Thuchila, Lichenya ndi Muloza, onsewa amakathera mu Ruo. Ruo amatsetsereka n'kukhala malire a ife ndi Mozambique, n'kukathira mu Shire ku Chiromo, Shire mu Zambezi, Zambezi m'nyanja yamchere. Koma Phalombe ndi Sombani amalowera kumpoto, kukathira m'nyanja ya Chilwa, imene ilibe potulukira. Ndiye madontho awiri a mvula imodzi, ogwa motalikirana pang'ono chabe, lina likafika kunyanja yamchere, lina likamwedwa ndi matemba a ku Chilwa. Ukadziwa kuti kamtsinje kamene ukuwolokaka ndi mwana wa mtsinje uti, wadziwa chigwa chimene ulimo, ndipo wadziwa mudzi umene uli pansi pako.

Koma ndikuchenjezeni, kudziwa mtsinje si kuutsata potsika. Pano mitsinje siitsika mofatsa, imagwa pamaphompho. Munthu akasochera n'kuganiza kuti "nditsate madzi andifikitsa kumudzi," amakathera pamwamba pa mathithi, kutsogolo phompho, kumbuyo mwala woterera. Mtsinje ukuuzeni kumene muli, koma potsika tsatani njira.

Njira zake zili mbali zonse. Khomo lalikulu ndi la ku Likhubula, kumadzulo, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Mlendo amalembetsa pamenepo, amalipira, n'kupatsidwa womulondolera. Kuchoka pa Likhubula kupita ku hati ya Chambe pali njira ziwiri. Ya Skyline ndi yachidule koma chitunda chake n'chowawa, mawondo amachita kunjenjemera. Ya Chapaluka ndi yotalikirapo, koma imadzera m'mbali mwa mtsinje, pansi pa mithunzi, pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. Ine mlendo wachikulire kapena amene sanazolowere ndimamukwezera ya Chapaluka, maola atatu kapena anayi tafika. Kuchokera pa Boma pali njira ina yokwera ku hati ya Lichenya, yoimirira kwambiri. Kummwera, kudzera m'minda ya tiyi ya Lujeri, mumalowa chigwa cha Ruo kupita ku hati ya Minunu kapena ya Madzeka. Kumpoto chakum'mawa kuli mpata wa Fort Lister, umene umalekanitsa phiri lalikululi ndi Mchese, ndipo kuchokera pamenepo mumakwera ku hati ya Sombani. Mpata umenewu uli ndi mbiri yowawa: ndimo munkadutsa magulu a akapolo popita kunyanja yamchere, ndipo atsamunda anamangapo linga mu 1893 kuti atseke njirayo. Mlendo mukamadutsa naye pamenepo, muuzeni zimenezi.

Wofuna Sapitwa amagona pa hati ya Chisepo, imene ili m'tsinde mwa nsongayo. Kuchoka pamenepo kupita ndi kubwerera ndi tsiku lathunthu, maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo. Si ulendo wa miyendo yokha. Pena umakwawa pathanthwe ndi manja, pena umalowa pansi pa miyala ikuluikulu chokwawa ngati buluzi, chikwama ukuchikankha patsogolo. Njira yake ndi timadontho ta penti pamiyala. Kukakhala kowala timaoneka bwinobwino. Chifunga chikatsika, kadontho kotsatira sukaona ngakhale kali mapazi khumi okha.

Apa ndiye ndifike pa nyengo, chimene chapweteka anthu ambiri kuposa phompho lililonse. Ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye werengani nokha: kuchoka pano kufika pa Sapitwa ndi mamita opitirira 2,000. Pano mukutuluka thukuta, kumwambako munthu akunjenjemera. Mwezi wa June kapena July ndadzukapo pa Chisepo m'mamawa n'kupeza udzu wonse uli mbuu ndi chisanu, madzi amene tinasiya panja m'beseni atagwira kachikhungu kowuma pamwamba, kochita kuswa ndi chala. Mnyamata amene ndinali naye anabwera atavala malaya amodzi ndi patapata. Usiku wonse anakhala atakumbatira moto, mano akugundana, ndipo m'mawa ndinamubweza ndi anzake otsika. Musadzachite zimenezo. Juzi, chipewa, jekete yoteteza mvula ndi nsapato zogwira pamwala, zimenezi si za alendo okha.

Ndiye pali chiperoni. Tonse timachidziwa, kamvula kowaza kosalekeza kaja ka miyezi yozizira. Dzinali linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali imene mphepoyo imachokera. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja yamchere ikagunda phiri lathuli imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ikazizira imasanduka mitambo. N'chifukwa chake mbali ya kummwera, ku Lujeri ndi ku Muloza, kumagwa mvula yambiri ndipo tiyi amakondwa, kuyambira m'zaka za m'ma 1890 pamene anayamba kudzalidwa kuno. Mbali ya ku Phalombe mphepo imafika itakhuthula kale madzi ake, ndiye kumakhala kouma. Phiri limodzi, nyengo ziwiri. Pamwambapo chiperoni sichigogoda pakhomo. Ndaonapo kumwamba kuli mbee, tikudya chakudya chamasana pathanthwe, mtambo n'kukwera kuchokera m'chigwa ngati utsi wa lupsa. Tisanamalize kumanga zikwama, mnzanga amene anali poteropo ndinkangomumva mawu. Zikatero lamulo ndi limodzi: khalani pansi pamodzi, valani zofunda, dikirani. Osabalalika, osathamanga.

Mu 2009 mlendo wina wa ku Brazil anasiya womulondolera n'kupitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa. Nyengo inasintha. Anthu anamufunafuna kwa milungu, ndipo anamupeza atamwalira ndi kuzizira. Nkhaniyi ambiri mukuikumbukira. Mlendo adzakuuzani kuti, "Bwererani, ine ndakwerapo mapiri aakulu kuposa ili." Mukaneni mwaulemu koma molimba. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pamwamba apo mnansi wake ndi inuyo.

Nthawi yabwino yobwera ndi alendo ndi kuyambira May mpaka October. Miyezi yoyambirira kumazizira koma kumaoneka kutali. Pofika September ndi October kumatentha, ndipo utsi wa moto wolusa umaphimba maso. Nyengo ya dzinja miyala imaterera, ndipo kamtsinje kamene munadumpha m'mawa mumakapeza madzulo katasanduka chilombo. Za napolo sindichita kukuphunzitsani. Akuluakulu muli pano mukukumbukira March wa 1991, pamene Mchese anagumuka n'kukwirira midzi ya ku Phalombe. Enanu munataya abale mu March 2023 ndi namondwe wa Freddy. Zipsera zija zikuonekabe m'mbali mwa phiri. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, kumwamba sikopita, ndipo m'mphepete mwa mitsinje yotsika m'phiri simogona.

Alendo adzakufunsaninso za mizimu. Musachite manyazi, ndipo musakokomeze kuti akupatseni ndalama. Auzeni zimene makolo anatiuza: kuti dzina lakuti Sapitwa likutanthauza kumalo kosapitidwa, kuti ukapeza chakudya m'phiri umadya osaitana mnzako, kuti pali malo amene anthu amakapempha mvula. Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao onse amalilemekeza phirili, ndipo ndi chifukwa cha miyambo yomweyi kuti mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Boma linali litalikhazikitsa kale kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927.

Chimene chimandipweteka mtima ndi mkungudza. Mtengo umenewu mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha, ndipo ndiwo mtengo wa fuko lathu. Ndili mnyamata, ukalowa m'chigwa cha Chambe fungo lake linkakulandira usanaione mitengoyo. Lero ikuluikulu inatha ndi macheka ndi moto, ndipo ife tomwe tinasenza nawo matabwa pamutu. A zankhalango pamodzi ndi a bungwe losamalira phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust akhala akudzala mbande zambirimbiri, zina zofesedwa m'midzi yathu yomwe ino. Mukamadutsa ndi mlendo pamene padzalidwa, muonetseni, ndipo mukaona utsi pafupi, kanenani msanga. Mitengo ikatha pamwamba, madzi amatsika onse nthawi imodzi m'dzinja, chilimwe mitsinje n'kuphwa. Kumbukirani kuti madzi a Likhubula pano akumwedwa mpaka ku Blantyre kudzera m'mapaipi.

Loweruka likubwerali amene mwalembetsa tikumane pa Likhubula dzuwa lisanatuluke. Tidzakwera ya Chapaluka, tikagona ku Chambe, ndipo pa kamtsinje kalikonse ndidzakuimitsani kuti mundiuze kumene madzi ake akupita. Aliyense atenge juzi, bulangete, ufa wa masiku awiri ndi ndiwo zake. A mfumu, ndaona amayi awo akweza dzanja kalekale, ndiye mundilole ndiyambe ndi funso lawo.