Duwa lanu latalika mpaka kupindika? Liduleni, mupezepo ambiri

Moni nonse amene mukutionera, kuno ku Lilongwe ndi kwina konse. Lero tikambe za maluwa a masamba onenepa osunga madzi aja, amene ogulitsa m'mbali mwa misewu amangoti ma succulent.

[Kamera ionetse mphika pafupi]

Taonani Echeveria uyu, mmodzi mwa maluwa amenewa. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo amakonda kuwala kwambiri. Akamakula bwino masamba ake amathithikana, iye n'kukhala wamfupi. Koma uyu wakhalitsa pabalaza, kuseri kwa makatani, ndiye wakhala akusolola khosi kufunafuna dzuwa. Tsinde lawonda, masamba atalikirana, mtundu wafwifwa. Ambiri akaona chonchi amathamangira kuthira madzi ndi feteleza. Ayi ndithu, si njala imeneyi. Ndipo tsinde likatalika chonchi silibwereranso, ngakhale mulitulutse panja lero lomwe. Mankhwala ake n'kudula basi.

Tengani lezala yatsopano kapena mpeni wakuthwa, muupukute ndi sipiriti. Dulani mutu, mutasiya kachitsinde ka masentimita 3 mpaka 5 pansi pake. Masamba a m'munsi thothani bwinobwino: gwirani tsamba, ligwedezeni uku ndi uku mpaka lichoke lathunthu. Likathyokera pakati, nthawi zambiri silimera. Chitsa chotsala mumphikacho musataye, chidzatulutsa mphukira m'mbali.

[Kamera pa bala la tsinde]

Apa ndiye mumvetsetse, chifukwa maluwa ambiri amafera pomwepa. Mukuona kunyowaku? Ili ndi bala. Tinazolowera kholowa wa mbatata, amene timadula n'kubzala pa mzere wonyowa tsiku lomwelo. Awa safuna zimenezo. Bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa, tizilombo toyambitsa kuwola timalowa, tsinde limada n'kufewa, duwa lapita. Choncho ikani zodulazo pa nyuzipepala, pamthunzi podutsa mphepo, kwa masiku 3 mpaka 7. Mu Okutobala bala limauma msanga, koma m'nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, chinyezi chimachedwetsa, ndiye musapupulume. Pakauma n'kuchita kakhungu, nthawi yobzala yakwana.

Dothi nalo. Katondo wathu wa kuno amasunga madzi ndipo akauma amalimba gwa, mizu yanthete singapume. Sakanizani dothi lakuda ndi mchenga wa kumtsinje, wamiyalamiyala uja, theka ndi theka. Ine ndimawonjezamo timakala tophwanya. Mphika ukhale wobowola kunsi. Kaya ndi wadothi, kaya chitini, bola madzi azituluka.

Mutu uja zikani pang'ono kuti ungoima. Masamba musakwirire, ingowagonekani pamwamba pa dothi. Sabata yoyamba osathirira. Mbewuyi ikudya madzi a m'masamba ake omwe. Pakapita masabata angapo mudzaona timizu topyapyala, kenako kamwana kakusuzumira patsinde pa tsamba, ndipo kunena zoona, kuona kameneka kumakoma mtima. Tsamba lakale lidzakwinyika lokha, musalichotse msanga. Mizu ikagwira, muzithirira mokwanira koma pokhapokha dothi litaumiratu.

Njira yomweyi imagwiranso pa succulent wina wotchedwa jade (dzina la sayansi ndi Crassula ovata), amene kwawo ndi ku South Africa ndi ku Mozambique. Aloe vera yekha musavutike ndi tsamba, limangowola. Zulani duwa lonse, mulekanitse ana omera m'mbali ali ndi mizu yawo.

Chenjezo, makamaka kwa inu amene muli ndi ana pakhomo. Duwa likatulutsa utomoni woyera ngati mkaka, mwina ndi la banja la nkhadze. Utomoni umenewo umawotcha khungu ndipo ndi woopsa m'maso. Valani magolovesi, mukatha sambani m'manja ndi sopo.

Tsopano malo oika miphika. Khonde kapena windo loyang'ana kum'mawa ndiye labwino, maluwa azilandira dzuwa la m'mamawa. Duwa lozolowera m'nyumba mukaliponya mwadzidzidzi padzuwa la masana limapsa masamba, ndipo zipserazo sizichoka, choncho muzilitulutsa pang'onopang'ono. Mvula ikayamba, kokerani miphika mkati mwa khonde, kutali ndi madzi ogwa kuchokera padenga.