Mphwanga, zombo zako uzisamale: mmene ungayambire Homeworld

Eya mphwanga, ndi ine. Uthenga wako ndauona, koma kulemba sindingathe, nkhaniyi ndi yaitali, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Ukhale pansi umvere bwinobwino, ndipo anzako aja a kwa Mponda amene mumasewera nawo uwatumizirenso.

Wati gemu yakukanika, ukungothera pa mishoni yachinayi. Chimene chikuchitika ndikuchidziwa ngakhale sindinaone. Iwe unazolowera magemu a mpira ndi owomberana aja, amene wa zala zothamanga ndiye amawina. Homeworld, gemu yolamulira gulu la zombo za nkhondo m'mlengalenga, imafuna munthu wodekha. Tamvera.

Phukusi limene uli nalolo, Homeworld Remastered Collection, linatulutsidwa ndi kampani ya Gearbox mu 2015, ndipo mkatimo muli magemu anayi: Homeworld ya 1999, Homeworld 2 ya 2003, ndiye ziwiri zomwezo zokonzedwanso. Laputopu yakoyo ndi yofooka, choncho tsegula ya 1999, imene alemba kuti Classic. Anaipanga a Relic Entertainment ku Vancouver, m'dziko la Canada, nthawi imene makompyuta ankachepa mphamvu kuposa foni ili m'manja mwakoyo. Zithunzi zake ndi zachikale, inde, koma imayenda myaa, osadukiza. Zonse ndikuuzazi ndi za imeneyo, poti mu yokonzedwansoyo zina anasintha. Komanso usamaike laputopu pa matilesi. Kutentha kwa Mangochi kuno ukukudziwa, makamaka Okutobala ndi Novembala. Iike pa tebulo, kumbuyoko uikweze ndi kathabwa kuti fani izipuma. Uziseva gemu pafupipafupi, magetsi akathima usadzayambirenso kutali.

Nkhani yake usamaidumphe, chifukwa ndi imene ikuuza kaseweredwe. Anthu otchedwa Kushan amakhala pa pulaneti yachipululu, Kharak. Apeza mwala m'chombo chakale chokwiririka mumchenga, wosonyeza kuti kwawo kwenikweni ndi Hiigara. Amanga chombo chachikulu, Mothership, kwa zaka 60. Akupita kukachiyesa, pobwera apeza dziko lawo lonse likuyaka, adani otchedwa Taiidan aliotcha. Otsala ndi amene ali m'chombomo ndi anthu 600,000 amene anawagoneka m'mabokosi ozizira. Kumbuyo kulibe wowatumizira thandizo. N'chifukwa chake mu gemu imeneyi zombo zimene wamaliza nazo mishoni ino ndi zomwezo uyambe nazo mishoni yotsatira, mpaka zonse 16 zithe. Chuma chimodzimodzi. Ukataya zombo mwachisawawa pa mishoni yachitatu, udzalira pa yachisanu ndi chiwiri, ndipo sudzadziwa n'komwe kuti vuto linayambira kuti. Zimene ukuchita iwe ndi zimenezo: ukuwina nkhondo koma ukutuluka wopanda kanthu m'manja.

Tiyambe ndi maso. Dina batani lalitali lija la Space. Sikirini isintha, uona bwalo lonse la nkhondo uli patali, zombo zako timadontho tobiriwira, za adani tofiira. Ine theka la gemu ndimakhala mmenemo. Kuyang'anitsitsa chombo chimodzi chikulavula moto kumakoma, ndikudziwa, koma pamene ukuonerera icho, kwina akukuphera antchito. Ukafuna kuyandikira chombo, chisankhe n'kudina F. Ukafuna chisunthe, dina M, patuluka chimbale chozungulira chosonyeza kumene chingapite. Tsopano apa ndi pamene ambiri amaphonya: uli pa chimbalecho, gwira Shift n'kukankha mausi m'mwamba kapena pansi. Chombo chikwera, kapena chitsika. M'mlengalenga mulibe nthaka, mphwanga. Mdani akakutchingira kutsogolo, mudutse pamwamba, kapena mutulukire kunsi kwa mimba. Tenga mphindi khumi pa mishoni yoyamba, kulibe wokuthamangitsa, uzingoyendetsa ka Scout kamodzi m'mwamba ndi pansi mpaka dzanja lizolowere.

Tsopano chuma, ndipo apa ndichedwapo. Ndalama ya mu gemuyi ndi imodzi yokha, amaitcha RU. Imachokera ku miyala yoyandama ndi mitambo ya fumbi. Amene amakatenga ndi Resource Collector, kachombo konenepa, kochedwa, kopanda mfuti. Ukasankhe n'kudina H, kapita kokha. Kakadzaza kamabwerera kudzatula, ndiye RU zako zimakwera. Vuto ndi mtunda. Miyala ikakhala kutali, nthawi yambiri kamathera pa ulendo, osati pa ntchito. Mankhwala ake ndi Resource Controller. Ukangopatsidwa mwayi woimanga, imange, uitumize ikaime pafupi ndi miyalayo. Zili ngati wogula usipa atatenga boti n'kukakumana ndi asodzi pamadzi pomwepo, kuti iwo asamataye usiku ndi kupalasa kupita kugombe n'kubwerera. Ma collector azingotula pafupi n'kutembenuka.

Koma ukaitumiza kutali, waiika pakamwa pa adani. Usaitumize yokha. Ipatse zombo zoiperekeza, ndipo uziiyang'ana pa Space paja kawirikawiri. Adani a mu gemuyi amakonda kuyamba ndi ma collector, poti akudziwa kuti ukasowa RU sumanganso kanthu. Ukamva mawu akuti collector akuwomberedwa, siya zonse, tumiza thandizo, ndipo iyeyo umuthawitsire ku Mothership.

Chinthu china chimene anthu othamanga magazi sachita ndi ichi. Ukamaliza ntchito ya mishoni, gemu imakuuza kuti ukhoza kulumpha kupita ku mishoni yotsatira, batani la hyperspace latuluka. Usadine. Adani atha, bwalo ndi lako. Asiye ma collector akolole mwala uliwonse mpaka pasatsale kanthu. Zimatenga nthawi, nthawi zina yaitali ndithu. Pita ukasambe, ukadye nsima, ukabwera upeza RU zaunjikana. Pomwepo konzetsa zombo zovulala, manga zimene zikusowa, malizitsa kafukufuku wotsegula mitundu ina ya zombo, kenako ulumphe. Kafukufukuyo amachitikira mu Research Ship, umalowamo ndi R, ndipo mu gemu ya 1999 sadya RU, amangodya nthawi. Ndiye palibe chifukwa choti chombo chimenecho chizikhala chopanda ntchito. Kumanga zombo ndi B.

Za nkhondo yeniyeniyo. Chombo chilichonse chili ndi chimene chimachiopa. Ion Cannon Frigate ili ndi mfuti imodzi yaikulu, kuwala kwake kumaboola zombo zikuluzikulu, koma imawombera kutsogolo kokha ndipo imatembenuka mochedwa. Tizombo ting'onoting'ono tikaizungulira imangokhala chete n'kumadyedwa. Attack Bomber ndi yaing'ono, imavulaza ma frigate, zombo zazikulupo ngati Ion Cannon ija, koma Interceptor, kachombo kothamanga kosaka tinzake, ikaipeza yatha. Ma Interceptor nawo akakumana ndi Multi-Gun Corvette kapena Missile Destroyer amayoyoka. Ndiye usamange mtundu umodzi wokha chifukwa wakusangalatsa maonekedwe. Sakaniza. Gawa magulu: sankha zombo, gwira Ctrl n'kudina nambala. Ine ma Interceptor ndimawaika pa 1, ma corvette, zombo zapakatikati, pa 2, ma frigate pa 3, mishoni iliyonse chimodzimodzi, kuti zinthu zikavuta chala chizipita chokha. Ma frigate uwaimike mu Wall, ngati khoma, kuti mfuti zonse ziloze kumodzi. Tizombo tating'ono ndimatikonda mu Claw, ngati zikhadabo. Ndipo moto wonse uzilunjika pa mdani mmodzi mpaka aphulike, kenako wina. Zombo zisanu zovulala zimawomberabe zonse zisanu, koma chimodzi chikafa, mfuti zake zakhala chete.

Usaiwale mafuta. Mu Classic, tizombo tating'ono ndi ma corvette timatha mafuta, ndipo tikathera kutali timangokwawa, adani n'kumatitola. Dina D tibwerere tikamwe, tikakonzedwenso. Ukamapita kutali tenga Support Frigate, ndiyo imathira mafuta ndi kukonza panjira.

Tsopano ndikuuze chimene ine ndimaikondera gemu imeneyi: Salvage Corvette. Ilibe mfuti. Ntchito yake ndi kukakamira chombo cha mdani n'kuchikokera ku Mothership, ndipo chikatuluka mmenemo ndi chako, ndi mfuti zake zomwe. Frigate imodzi imafuna ma salvage awiri, zikuluzikulu zimafuna ochulukirapo. Pa mishoni yachitatu, pamene ma frigate a Taiidan akuwombera mabokosi a anthu ogona aja, gemu imakuuza kuti ugwireko imodzi. Iwe usakhutire ndi imodzi, yesetsa uwagwire onse. Kachitidwe kake ndi aka: tumiza kaye tizombo tothamanga tikawasokoneze, mfuti zawo zitembenukire uko, ndiye ma salvage abwere chakumbuyo kapena chakunsi, ndi Shift uja. Akangogwira, uletse zombo zako kuwombera chimenecho, ungaphe katundu wako yemwe. Useve usanayambe. Ukazolowera zimenezi, pofika pakati pa gemu udzakhala ndi zombo zimene RU zako sizikanakwanitsa kugula, zinanso zimene sungathe n'komwe kumanga wekha, monga ma Multi-Beam Frigate a ku Kadesh. Ukadzafika kumeneko, kumtambo wofiira kuja, udzandiimbire, ndi nkhani ya tsiku lina.

Wati mukufuna muzimenyana nokhanokha ndi anzako, kapena ndi kompyuta kunja kwa mishoni. Mmenemo chofunika ndi kudziwa msanga zimene mnzako akuchita. Ukamadutsa pa nsanja ya wotchi ija pafupi ndi mlatho wa Shire, pali mfuti yakale imene inachokera pa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914 sitima imeneyo inapita ku Sphinxhafen, kumene lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kukapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda. Anaiwononga isanalowe m'madzi, ndipo kaputeni wa sitima ya Ajeremaniyo anali asanamve n'komwe kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse yayamba. Zinachitika pa nyanja yathu yomweyi. Mu gemu uzichita zomwezo. Ponya Probe, chipangizo chokazonda, kumbali ya mdani koyambirira; imayenda ulendo umodzi wokha n'kuima, ndiye uloze bwino. Ukaona kumene ma collector ake akukolola, kagwere kumeneko iye asanamange zombo zazikulu, ndipo uyembekezere kuti nayenso akuganiza chimodzimodzi za iwe.

Unafunsanso za Sins of a Solar Empire. Ndi yabwino kwambiri, ya 2008, anaipanga a Ironclad Games, koma usaiyambe pano. Imeneyo sulamulira gulu limodzi la zombo, umalamulira mapulaneti ambiri, ndipo gemu imodzi ikhoza kukudyera tsiku lathunthu. Chuma chake ndi cha mitundu itatu: credits zochokera ku msonkho ndi malonda, metal ndi crystal zokumbidwa pa miyala yozungulira mapulaneti. Mitundu ya anthu ndi itatunso, TEC, Advent ndi Vasari. Woyamba kumene atenge TEC. Ukadzaiyamba ukumbukire zinthu zingapo. Chombo chachikulu choyamba amakupatsa chaulere, ndiye sankha chimene chimatha kukhazikitsa anthu pa pulaneti yatsopano, kwa TEC ndi Akkan. Pulaneti yatsopano imayamba ndi kukudyera ndalama mpaka utaikonzera zofunika za anthu okhalamo, choncho usalande zambiri nthawi imodzi n'kuzisiya choncho. Ukakweza malire a kuchuluka kwa zombo, gawo la chuma chako limayamba kudulidwa mpaka gemu kutha, kubwerera kulibe, ndiye ukweze pokhapokha ukufunikiradi. Zombo zimayenda m'njira zoikika pakati pa mapulaneti, kotero yang'ana pulaneti imene njira zambiri zimakumanapo, umange chitetezo pamenepo. Kulinso achifwamba amene amagwera munthu amene waikiridwa ndalama zambiri pamutu pake. Nthawi yawo ikamayandikira uziyang'ana, mnzako asakugulire mavuto.

Koma zimenezo ndi za m'tsogolo. Pakali pano bwerera ku Homeworld, ndipo usapitirize pamene unalekera, gulu lakolo lafooka kale. Yambiranso pa mishoni yoyamba. Usasewere ndi kamalo koyendetsapo chala ka pa laputopu kaja, Shift ndi kutembenuza kamera sizingatheke bwino. Gula mausi ya waya pamsika, yotchipa yomweyo ikwana. Loweruka ndikhala ndili pakhomo madzulo. Ubwere ndi laputopuyo, tidzagwire limodzi ma frigate a pa mishoni yachitatu, uone mmene ndimalowetsera ma salvage kunsi. Uwapatse moni amayi.