Mphoto Imene Imayamba Kubwera Mpikisano Usanafike

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa 1 Timoteyo 4:7-8, pamene Paulo akulangiza Timoteyo kuti adzizoloweze moyo wopembedza. Iye akuvomereza kuti kulimbitsa thupi kuli ndi phindu lake, koma akuti phindu la kupembedza limafika pa moyo uno ndi pa moyo ulinkudzawo.

Pofuna kumvetsa kudzizoloweza kumeneku, ndakhala ndikulingalira za anthu amene amakonzekera mpikisano wa Ironman. Pa mpikisanowu munthu amasambira makilomita 3.8, akatuluka m'madzi amapalasa njinga makilomita 180, ndipo akatsika panjingapo amathamanga makilomita 42.2, zonsezi tsiku limodzi, kawirikawiri pasanathe maola 17. Unayambira pa chilumba cha Oahu ku Hawaii m'chaka cha 1978, pamene amuna 15 anauyamba, 12 n'kuumaliza, ndipo woyamba kufika, Gordon Haller, anatenga maola 11 ndi mphindi 46. Masiku ano umachitika m'maiko ambiri, kuphatikizapo mumzinda wa Gqeberha ku South Africa.

Oonerera amaona tsiku limodzi lokha, koma wopikisanayo amakhala atatha miyezi yambiri akudzuka mbandakucha, anzake akadali m'bulangete, kuti akasambire ntchito isanayambe. Loweruka amakhala panjinga maola asanu kapena kuposerapo, ndipo akangotsika amavala nsapato n'kuyamba kuthamanga nthawi yomweyo, miyendo ikulemera ngati yabwerekedwa kwa munthu wina. Amachita dala zimenezi kuti thupi lizolowere kupweteka kwa pa kusinthako, popeza pa tsiku la mpikisano sipakhala nthawi yophunzira chinthu chatsopano. Palibe amene amamuombera m'manja pa Loweruka lotero. Amangobwerera kwawo ndi matuza kumapazi ndi mchere wa thukuta utayera pamalaya.

Komatu m'masiku opanda omuonererawa ndi mmene mphoto yaikulu imabwera. Mtima wake umalimba n'kuyamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, kotero kuti mtima umene unkagunda ka 70 pa mphindi munthu ali phee, ukhoza kutsika kufika pa ka 50. Minofu imaphunzira kugwiritsa ntchito mafuta a m'thupi, n'kusunga shuga kuti asathe msanga. Mtunda umene unkamuthetsa mpweya mwezi woyamba amadzaukwera akucheza ndi mnzake. Tsiku la mpikisano likamafika, munthuyo amakhala atasintha kale, ndipo ngakhale njinga itamuthyokera panjira n'kulephera kumaliza, mtima wolimba uja palibe angamulande. Mendulo imene amamuveka pakhosi imangochitira umboni zimene zinachitika mumdima wa mbandakucha.

Ambiri a ife timayembekezera kuti pemphero la lero litipatse chinthu chooneka lero lomwe, ndipo tikapanda kumva kanthu timati tataya nthawi. Koma kuwerenga Mawu m'mawa uliwonse, kukhululukira m'bale pa kanthu kakang'ono, kugwira lilime pamene tikanabwezera mawu opweteka, zonsezi zimasintha munthu wamkati mwakachetechete, monga mmene mtima wa wothamanga umalimbira iye osaona. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tsiku limene maliro adzagwe pakhomo, kapena ntchito idzathe mwadzidzidzi, munthu amadzaimira pa zimene anazolowera, chifukwa chipiriro sachigula pa tsiku la tsoka.

Chinthu china chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti gawo lalikulu la kukonzekeraku limachitika pa liwiro lofatsa, loti munthu n'kumalankhula akuthamanga, ndipo thupi limamangika pa nthawi yopuma, pamene minofu yotopa ikudzikonza. Amene amadzipanikiza tsiku lililonse amavulala asanafike pa mzere woyambira. Timawadziwa abale amene amasala kudya sabata yathunthu ndi moto waukulu, kenako n'kutha miyezi itatu osatsegula Baibulo. Opalasa njinga pa mpikisanowu amaphunziranso kudya njala isanawapweteke, pakuti amene adikira kuti afooke kaye amakhala atachedwa, ndipo mphamvu zimamuthera pakati pa kuthamanga. Kudya Mawu m'mawa, tsiku lisanatipanikize, n'chimodzimodzi.

Sindikunena kuti tonse tikagule njinga zodula. Walira mvula walira matope: masewerawa amadya ndalama ndi nthawi ya banja, ndipo alipo ena amene amawasandutsa fano. Paulo yemweyo, polembera Akorinto, amene ankadziwa bwino masewera ochitikira pafupi ndi mzinda wawo, anawakumbutsa pa 1 Akorinto 9:25 kuti opikisana amadziletsa pa zonse kuti alandire nkhata yofota. Ngati munthu angadzikanize tulo chifukwa cha nkhata yotero, ife amene tikuyembekezera yosafota tilibe chowiringula.

Zaka si chowiringula ayi. Sister Madonna Buder, sisitere wa mpingo wa Katolika wa ku America, anayamba kuthamanga ali ndi zaka zoposa 40, ndipo mu 2012 anamaliza Ironman ku Canada ali ndi zaka 82. Kugwa nakonso sikuthetsa ulendo. Mu 1982, pa mpikisano wa Ironman wa ku Kona, tauni ya pa chilumba china cha ku Hawaii, Julie Moss ankatsogola pa amayi onse, koma atatsala pang'ono kumaliza miyendo inamukana. Anadzuka n'kugwanso kangapo, Kathleen McCartney anamupitirira n'kupambana, ndipo iye anafika pa mzere womalizira akukwawa ndi manja ndi maondo, n'kukhala wachiwiri.

Pa Ahebri 12:1 timawerenga za mtambo wa mboni umene watizinga pamene tikuthamanga mopirira. Ku Kona, maola 17 aja akamatha usiku, anthu sabalalika. Amaima m'mbali mwa msewu wa Ali'i Drive kudikira otsalira, ndipo amene anapambana masana, atasamba kale n'kudya, amabweranso kudzalandira omaliza aja. Mumdima mumatulukira agogo akutsimphina, mayi wina akuyenda atagwira m'chiuno, ndipo woulutsa mawu amatchula aliyense wa iwo dzina lake monga anatchulira woyamba uja.