Achemwali, za msonkhano wa ku Senga Bay uja

Achemwali, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva. Mukuti mwayamba kusala kudya kwa maola kuja, 16 osadya, 8 odya, ndiye ofesi ikukutumizani kuno ku Senga Bay sabata yamawa, mukuopa kuti zonse zisokonekera. Mtima m'malo, tamverani.

Misonkhano ya kunyanja kuno mukuidziwa. Tiyi 10 koloko, nkhomaliro 1 koloko, tiyi wina madzulo, kenako mgonero wa abwana, womwe amati 7 koloko koma mbale zimafika cha m'ma 8. Ndiye ngati mumadya kuyambira 12 masana kulekeza 8 usiku, tsiku limenelo ingosunthani. Yambani ndi nkhomaliro ya 1 koloko, mutseke 9 usiku. Maola ndi omwewo. Mgonero ukachedwa mpaka 10, mawa lake musadzizunze, maola 14 akwana, mkuja mubwerere m'chimake.

Pa tiyi wa m'mawa musatsale nokha m'holo ngati mwakwiya. Tulukani ndi anzanu, tengani kapu ya tiyi kapena khofi wopanda shuga, wopanda mkaka. Munthu wagwira kapu safunsidwa zambiri. Samusa ndi mandasi mungozidutsa. Fanta ndi Sobo ayi, muli shuga. Koma madzi, chonde imwani. Izi zikusiyana ndi Ramadan, pomwe abale athu achisilamu salawa ngakhale dontho kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa. Inu madzi ngololedwa, ndipo ku Salima mu Okutobala kumawotcha zedi. Botolo lisachoke patebulo panu.

Usiku mukafika pa zakudya, njala isakusankhireni. Yambani ndi chambo ndi ndiwo zamasamba, kenako nsima kapena mpunga, chimodzi osati zonse. Idyani mwachifatse. Ngati mumamwako, idyani kaye, chifukwa mowa m'mimba yopanda kanthu umakwera msanga, ndipo abwana ali pomwepo. Wina akafunsa kuti bwanji m'mawa simunadye, ingoyankhani kuti "masiku ano ndimayamba masana," basi. Osayamba kuphunzitsa anthu ali ndi mbale m'manja, zimawachititsa manyazi.

Tsopano chomwe chili pamtima panga ndi ichi, ndipo si cha ku ofesi kokha. Pali chinkhoswe, pali ukwati, pali kwa apongozi. Ine nditangoyamba kumene tinapita ku Nkhotakota kukaona achibale a abambo akunyumba. Tinafika usiku, msewu wa M5 utatichedwetsa. Mayi wina wachikulire anali atatiphera nkhuku, waphika mpunga, wakhala akutidikira chimadzulo chonse. Anabwera ndi madzi osamba m'manja, nagwada. Ine ndinati, "Zikomo amayi, nthawi yanga yodyera yadutsa." Sanayankhe. Anangonyamula beseni lija n'kubwerera kukhitchini. Achemwali, mpaka lero ndikakumbukira mtima umandipweteka. Nkhuku ija inali ya pakhomo pawo, ndipo sanali nazo zambiri. Ndiye zikakuchitikirani zotere, sambani m'manja mudye, ngakhale pang'ono, muthokoze. Usiku umodzi sungafafanize zomwe mwachita mwezi wonse. M'mawa mwake muyambiranso kuwerenga maola anu.

China, ndisaiwale. Ngati mukumwa mankhwala a matenda a shuga kapena kubaya insulin, musasunthe nthawi yodyera mwa nokha, shuga amatha kutsika koopsa. Muonane kaye ndi adokotala. Chimodzimodzi amene ali ndi zilonda za m'mimba kapena mankhwala ofunika kumwera chakudya. Woyembekezera ndi woyamwitsa, izi azisiye kaye. Ndipo muli m'holomo mukamva chizungulire, manja kunjenjemera, thukuta lozizira, musayang'ane wotchi. Idyani pompo, kaya ndi nthochi, kaya ndi tiyi wa shuga.

Ikani mtedza wokazinga pang'ono m'chikwama, nkhomaliro imatha kuchedwa akalankhula ataliatali. Mukafika pa Kamuzu Road mundiimbire, ndidzakuperekezani kunyanjako.