Seva imasankha bwanji tsamba lokupatsani? Sikuti imaona komwe muli ayi

[Pa skirini: mafoni awiri ayandikana, onse atsegula tsamba limodzi]

Taonani mafoni awiriwa. Onse ali pa Wi-Fi imodzi, m'chipinda chimodzi kuno ku Harare, ndipo onse ndawatsegulira link imodzimodzi, www.debian.org. Koma iyi yabweretsa Chingerezi, iyi yabweretsa Chifalansa. Palibe VPN, pulogalamu ija yokuonetsani ngati muli kwina, palibe chomwe ndadina pa tsambalo. Khalani nane mudziwe chachitika, ndipo inu amene mumapanga mawebusaiti, pali chizolowezi china chomwe ndikufuna musiye lero lomwe.

Muli bwanji abale ndi alongo a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku, Tafara, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi ku Malawi kapena ku Joni? Ngati ndi koyamba kufika pa tchanelo chino, dinani subscribe ndi kabelu kaja, chifukwa zinthu za intaneti zofotokozedwa m'Chichewa n'zosowa. Tiyeni tiyambe.

Zoyambira ndithamanga nazo. Mukatsegula link, browser yanu imatumiza pempho kwa seva, kompyuta yosunga tsambalo, seva n'kuyankha. Malamulo a kukambirana kumeneku ndi HTTP. Link imodzi sikuti imaloza fayilo imodzi nthawi zonse: kuseri kwake kukhoza kukhala tsamba lomwelo m'zilankhulo zitatu, chithunzi chomwecho m'mitundu iwiri, fayilo yopanikizidwa ndi yosapanikizidwa. Kusankha yoti ikupatseni ndi chomwe chimatchedwa content negotiation. Si zachilendo, zinalembedwa kale mu HTTP/1.1 mu 1997, ndipo lero zili mu chikalata cha RFC 9110 cha mu June 2022. Basi, tapita.

Choyamba: browser ndi imene imayamba kunena zomwe ikufuna.

Pempho lililonse limanyamula timizere totchedwa ma header. Accept amanena mtundu wa fayilo, kaya HTML, kaya chithunzi, kaya JSON. Accept-Encoding amanena njira zopanikizira zomwe browser ingathe kumasula. Accept-Language amanena zilankhulo. Foni yabweretsa Chifalansa ija ndinangoika Chifalansa pamwamba mu Settings, n'chifukwa chake.

Chachiwiri: kachilembo ka q.

[Pa skirini: Accept-Language: ny, sn;q=0.8, en;q=0.5]

Werengani mzerewu pang'onopang'ono. ny ndi Chichewa, sn ndi Chishona, en ndi Chingerezi. q ndi kulemera kwa chofuna chanu, kuyambira 0 kufika 1. Pamene palibe q, ndiye kuti ndi 1, chofunika koposa. Zili ngati mwafika pa mayi wogulitsa chakudya ku Mbare Musika n'kunena kuti, "Amayi, nsima ndi nyama ya ng'ombe, ikakhala yatha mundipatse nkhuku, nkhukunso ikatha bola nyemba." Mwanena zonse kamodzi, mayiwo angoyang'ana mumphika n'kukupakulirani chomwe chilipo chapamwamba pa mndandanda wanu. Mukalemba q=0, mwanena kuti chimenecho ayi ndithu, musandipatse.

Kanthu kamodzi kamene kamakola anthu: mukapempha ny, tsamba lolembedwa kuti ny-MW likukwanira. Koma mukapempha ny-MW yokha, malamulo sanena kuti tsamba la ny wamba likukwanira. N'chifukwa chake Chrome imakonda kutumiza ziwiri, monga en-GB kenako en;q=0.9.

Tsopano ndiime kaye pa manambalawa, chifukwa pali bodza limene landikwana.

Bodza lake ndi ili: "Seva imaona IP address yako, n'kudziwa dziko lomwe uli, n'kukupatsa chilankhulo cha dzikolo." Ndimalimva kwa ophunzira, ndimalimva kwa anthu amene akhala akupanga mawebusaiti kwa zaka, ndipo ena amalembadi code yawo motero. Abale anga, m'ma header a content negotiation mulibe IP address, nambala ija yozindikirira netiweki yanu pa intaneti. Mulibe! Tsegulani RFC 9110, pitani pa gawo la nkhaniyi, mupeza Accept, Accept-Encoding, Accept-Language, Vary. Header ya dziko la munthu simuipeza, ngakhale chikalatacho chimatchula kuti seva ikhoza kuyang'ananso adiresi ya netiweki.

Ndipo ife a kuno ndi amene tiyenera kudana nalo bodzali kuposa wina aliyense. Malamulo a dziko la Zimbabwe a mu 2013 amazindikira zilankhulo 16, ndipo Chichewa chili pa mndandandawo, pamodzi ndi Chishona, Chindebele, Chitonga, Chivenda, Chinambya ndi zina. Ndiye tandiuzani, IP yanena kuti "Zimbabwe", seva isankhe chiti pa 16? Nyumba imodzi ku Mabvuku, agogo amapemphera m'Chichewa, amayi amagulitsa pamsika m'Chishona, mwana amalemba mayeso m'Chingerezi, onse pa rauta imodzi, IP imodzi. CCAP ili ndi sinodi yathunthu kuno ku Harare, anthu amaimba nyimbo za Chichewa Lamulungu lililonse mumzinda uno, koma kwa munthu amene amangoona IP anthu onsewa kulibe.

Komanso IP si ya munthu, ndi ya netiweki. Pa data ya pafoni, anthu ambirimbiri amatulukira pa IP imodzi. Wina akayatsa VPN, mwadzidzidzi waoneka ngati ali ku Amsterdam, ndipo tsamba lamulankhula Chidatchi.

Taganizirani ulendo wopita kumudzi. Mwakwera basi ya ku Blantyre, mwadutsa pa Nyamapanda, mwalowa Mozambique. Pa Tete mwalumikiza Wi-Fi ya pamalo odyera kuti muone ngati ndalama yomwe munatumiza yafika. Mukutsegula tsamba lomwe dzulo linali m'Chingerezi, lero lonse lili m'Chipwitikizi, ndi batani losinthira chilankhulo lomwe lalembedwa m'Chipwitikizi. Basi ikuliza hutala panja. Foni yanu sinasinthe, inuyo simunasinthe, browser yanu ikufuulabe pa pempho lililonse kuti en, en, en. Wopanga tsambayo anasankha kusamva. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma apa n'zoposa pamenepo, chifukwa yankho anapatsidwa asanafunse n'komwe.

Ngati za anthu sizikukukhudzani, mverani za Google. Google yokha imanena kuti Googlebot, imene imayendera masamba kuti aoneke pofufuza, nthawi zambiri imabwera ndi ma IP ooneka ngati a ku America, ndipo situmiza Accept-Language. Mukamakankhira anthu ku chilankhulo potengera IP, tsamba lanu la Chichewa lija Google mwina siliona n'komwe, ntchito yonse yomasulira ija n'kupita pachabe.

Nanga bodzali limachokera kuti? Limachokera poti masamba ena akuluakulu amachitadi zimenezo, anthu n'kumaganiza kuti ndi mmene intaneti inapangidwira. Imeneyo ndi geolocation, chinthu china pachokha, ndipo ili ndi ntchito yake. Mukufuna kuyerekeza ngati muonetse mtengo mu madola kapena mu ZiG, ndalama ya Zimbabwe, kapena ngati katundu angatumizidwe kumeneko? Gwiritsani ntchito IP, palibe vuto. Koma chilankhulo ayi.

Wina anena kuti, "Koma achimwene, mafoni ambiri kuno amabwera ali pa Chingerezi ndipo eni ake sasintha." Zoona zimenezo, ndikuvomera. Accept-Language si mneneri. N'chifukwa chake muziitenga ngati poyambira chabe. Pamwamba pa tsamba ikani posinthira poonekera, chilankhulo chilichonse chilembedwe m'dzina lake: Chichewa, chiShona, English. Munthu akasankha, sungani mu cookie, kachidziwitso kamene browser yake imasunga, ndipo chosankha chakecho chipose header. Chilankhulo chilichonse chikhale ndi link yake, monga /ny/, /sn/, /en/, kuti mukatumizira azakhali pa WhatsApp alandire chomwecho mwaona inu. Wikipedia imachita motero, pali ny.wikipedia.org ndi sn.wikipedia.org. Ndipo chonde, mbendera zisiyeni. Chichewa chimalankhulidwa ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi kuno, muika mbendera ya ndani?

Ngati mukugwirizana nane dinani like pano, ndipo tumizani vidiyoyi kwa mnzanu uja amene amapanga tsamba la mpingo kapena la bungwe la maliro. Tibwerere ku manambala.

Chachitatu: seva imayang'ana zomwe ili nazo.

Ndionetsa ndi Apache, pulogalamu yoyendetsa seva, chifukwa ili ndi gawo lake la ntchitoyi, mod_negotiation.

[Pa skirini: index.html.ny, index.html.sn, index.html.en]

Mafayilo atatu mu foda imodzi. Mumayatsa Options +MultiViews, kenako muonetsetse kuti pali AddLanguage ny .ny ndi AddLanguage sn .sn, chifukwa Apache singalote yokha kuti .ny ndi chilankhulo. Pempho likafika, imayamba yataya zonse zomwe browser yakana. Pa zotsalazo imaona kaye mtundu wa fayilo, kenako chilankhulo cha q yapamwamba, kenako zina monga kapanikizidwe, ndipo zikafananabe imatenga fayilo yaing'ono. Pali njira inanso ya type map, kafayilo ka .var, momwe mwini tsamba amaika qs, kulemera kwa mbali yake, ndipo Apache imachulukitsa q ya browser ndi qs imeneyo. Ndiye si browser yokha yolamula, ndi kukambirana kwenikweni.

Nanga munthu akapempha Chijapani chokha, inu mulibe? Seva ikhoza kuyankha 406 Not Acceptable. Musamusiye mlendo ndi nambala. Lembani LanguagePriority en sn ny, ndi ForceLanguagePriority Prefer Fallback, kuti alandire chinachake chowerengeka. Amene muli pa nginx, pulogalamu inanso ya seva, zimenezi sizibwera zopangidwa kale ngati MultiViews, mumalemba nokha ndi map. Mukafuna vidiyo yake ndiuzeni m'munsimu.

Chachinayi, mwachidule: data yanu. Browser ikanena gzip kapena br, kutanthauza Brotli ya Google, seva imatumiza zolemba zopanikizidwa. Ikanena image/avif kapena image/webp, seva yokonzedwa bwino imatumiza chithunzi chopepuka m'malo mwa JPEG yolemera. Bandulo imakhalitsa chifukwa cha timizere timeneti, ndiye ngati muli ndi seva, yatsani kupanikiza lero.

Chachisanu, ndipo ichi musachidumphe: Vary.

Pakati pa inu ndi seva pamakhala cache, kaya ya CDN (maseva ogawira masamba pafupi ndi anthu), kaya ya browser, yosunga masamba kuti abwere msanga. Woyamba kufika wapempha Chishona, cache yasunga. Wachiwiri wapempha Chichewa pa link yomweyo, cache ikungoona kuti link ndi yomweyo, n'kumupatsa Chishona chija. Mwini tsamba akayesa pa kompyuta yake zonse zili bwino, madandaulo okha ndi amene akubwera. Mankhwala ake ndi mzere umodzi mu yankho la seva, Vary: Accept-Language, wouza cache kuti yankholi limasintha potengera header imeneyo. Ngati mukusinthanso zithunzi, onjezani Accept. Apache imaika yokha ikasankha kudzera mu mod_negotiation, koma ngati mwalemba code yanu mu PHP kapena Node, udindo ndi wanu.

Tiyeni tiyese tonse. Tsegulani terminal, pulogalamu yolembamo malamulo pa kompyuta.

[Pa skirini: curl -I -H "Accept-Language: fr" https://www.debian.org/]

Onani mu yankho: Content-Language ikunena fr, Content-Location ikunena index.fr.html, ndipo Vary ili pomwepo. Sinthani fr muike de, mwalandira Chijeremani, muli pampando womwewo, IP yomweyo.

Amene mulibe kompyuta, tengani foni. Mu Chrome lowani mu Settings, kenako Languages, dinani Add language. Chichewa muchipeza pa dzina loti Nyanja. Chikokereni pamwamba, Chishona ndi Chingerezi zitsatire. Masamba ambiri akupatsanibe Chingerezi chifukwa Chichewa alibe, koma pempho lililonse lochoka pa foni yanu lizinyamula ny, ndipo mwini tsamba amene amasunga header imeneyi mu ma log ake aona kuti ofuna Chichewa alipo.

Mukayesa curl ija pa tsamba lanu, ndilembereni m'munsimu zomwe Vary yanena. Sabata ya mawa tikhala pa hreflang, mmene mungauzire Google kuti /ny/ ndi /sn/ ndi tsamba limodzi m'zilankhulo ziwiri, ndiye kabelu kaja kakhale koyatsa. Zikomo, tionana.