Kamwala kamodzi mumpunga

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo muno mu Johannesburg, makamaka anamwino anzanga ndi inu osamalira okalamba m'nyumba za anthu? Ena mukutsika taxi pa Bree maso ali gwa kuchokera ku ntchito ya usiku, ena mukuthamangira kukalowa 7 koloko. Lero tili pa Luka 16:10, za wokhulupirika pa chaching'ono. Vesili mumalidziwa. Pempho langa n'lakuti pa mankhwala pokha musathamange.

Sabata ino yandilemera. Pa wodi tinalipo ochepa, mabelu akulira uku ndi uku, ndipo mnzanga wina anandiseka kuti ndimagawa mankhwala ngati ndikusankha mpunga. Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandilasa, mpaka tulo anandilanda.

Komatu kusankha mpunga ndimakudziwa. Amayi ankakhala pakhonde lichero lili pamiyendo, dzuwa likupendeka, ana tikulira njala, iwo ali phee kutola timiyala kamodzikamodzi. Palibe anawathokozapo chifukwa cha mwala umene sitinaulume. Koma kakangodutsa kamodzi, dzino limagweruka ndipo mphika wonse sukomanso.

Tebulo la mankhwala ndi lichero lathu. Wodwala atchule yekha dzina lake, inu muone kachibangili ka pamkono. Nambala ya bedi si dzina, odwala amasamutsidwa usiku. Mankhwala ndi omwewa? Mlingo wake? Akumwa kapena ndi obaya? Nthawi yakwana? Nanga thupi lake silidana ndi penicillin? Tinaloweza zonsezi kusukulu, koma 3 koloko ya usiku mutu umati, aa, ndikudziwa kale.

Kamwala koopsa ndi kaja koyera, kofanana ndi mpunga. Dokotala akalemba mothamanga insulin, mankhwala a shuga, 10U kutanthauza mayuniti 10, U uja amaoneka ngati ziro, munthu n'kulandira 100. Ngati zolembazo sizikuwerengeka, imbani foni, ngakhale akuyankheni mokalipa. Potassium chloride wosasungunula akalowa mumtsempha amaimitsa mtima. Mapiritsi opangidwa kuti azigwira pang'onopang'ono m'thupi, mukawaphwanyira m'phala la agogo amene mukuwasamalira ku Randburg kuja, mwawapatsa mlingo wa tsiku lonse nthawi imodzi. Funsani kaye kwa a pharmacy. N'chifukwa cha timiyala totere bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa ntchito ya Medication Without Harm mu 2017, kuti ngozi zazikulu za mankhwala zimene zingapewedwe zichepe ndi theka m'zaka zisanu. Koma lichero silili ku likulu la WHO ku Geneva, lili pamiyendo panu.

Pano ndilankhuleko ngati mchemwali wanu. Morphine ndi wa Schedule 6, gulu la mankhwala oyang'aniridwa kwambiri ndi lamulo, amakhala m'kabati yokhoma, ndipo m'buku lake timasaina awiri. Nanga bwanji timati "sisi tangosainani apa", winayo n'kusaina maso ali pafoni? Umboni wa chinthu chimene sunachione, ife Akhristu timautcha chiyani? Ndipo kusaina pa tchati mankhwala asanalowe m'kamwa mwa wodwala, kuti timalize msanga, n'kuthira mpunga mumphika osausankha. SANC, bungwe loyang'anira anamwino muno mu South Africa, mwina sidzadziwa. Mwini ntchito amene timamuimbira Lamlungu analipo.

Ndikudziwa kutopa, abale. Lendi ya ku Yeoville ikudikira, kumudzi akuimba za feteleza, miyendo yatupa. Nanenso sabata ino ndinafunsa Ambuye ngati kudekha kwangaku kuli ndi phindu, poti palibe amakuona. Sanandiyankhe ndi mawu. Ndinangopezeka ndikuwerenganso chizindikiro cha pabotolo kachitatu, monga mwa masiku onse, akuseka asaseke.

Ambuye, tipatseni maso lero ndi manja osanjenjemera. Titsekeni pakamwa tikafuna kufulumizitsa anzathu, ndipo mutilimbitse mtima wonena msanga pamene kamwala kadutsa, wodwala athandizidwe nthawi ikadalipo. Amen.

Ine ndikulowanso usiku uno, mundikumbukire m'mapemphero.