Za mabotolo amene ndimatsuka ku Kiel

Moni nonse kulikonse kumene muli. Kuno ku Kiel, kumpoto kwa Germany, kunja kwada kale koma faifi koloko sinakwane, ndiye mukamva kapu ikugogoda dziwani kuti ndi tiyi.

Sabata yatha amayi anandifunsa pa WhatsApp, "Iwe, kodi ntchito yako kumeneko ndi yotani kwenikweni?" Ine ndinati ndimatsuka mabotolo. Kunali zii. Ndinadziwa kuti mumtima akuwerengera fizi yonse ija. Ndiye lero ndilongosole, amayi mumve, enanu mumvere pomwepo.

Mabotolowa amakwera sitima za kafukufuku, n'kubwera ndi madzi a m'nyanja ya mchere, ena otungidwa mamita 4,000 pansi. Chimene timasaka m'madzimo ndi silikoni, yemwe uja ali mumchenga ndi m'galasi. N'chifukwa chake chilichonse n'chapulasitiki, chotsukidwa ndi asidi. Mwezi wanga woyamba ndinathira madzi a sampulo m'kabotolo kagalasi. Mayi amene amandiyang'anira sanakalipe ayi. Anangowakhuthulira mu sinki n'kundiyang'ana. Bola akanakalipa.

Silikoniyu alipo wa mitundu itatu malinga ndi kulemera kwake: 28, 29 ndi 30. Pa maatomu (tizidutswa tochepetsetsa ta silikoniyu) 100 alionse, pafupifupi 92 ndi a 28, a 30 atatu basi. Tsono pamwamba pa nyanja pali tindere tosaoneka ndi maso, ma diatom, timene timamanga zigoba zake ndi silikoni. Timeneti timasankha ngati mwana pa mbale ya ndiwo, timakonda wopepuka uja, wa 28. Madzi otsalawo amakhala ndi 30 wochulukirako pang'ono. Ndikati pang'ono ndikunena gawo limodzi pa 1,000, mmene Christina De La Rocha ndi anzake anapezera mu 1997. Kafumbi kamodzi m'botolo kakhoza kuwononga ntchito ya mwezi wathunthu.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandikoma ine. Madzi akazizira n'kumira, amapita pansi ndi chizindikiro chawo, kulemera kwa silikoni wawo kuja. Omira kumpoto kwa nyanja ya Atlantic amakhala ndi silikoni wochepa koma wolemererapo. Ochokera kufupi ndi Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ali ndi silikoni wambiri, wopepukirapo, chifukwa zigoba zakufa zimasungunukiramo. Madziwa akakumana pansi pa Atlantic amasanjikizana, ena pamwamba ena pansi, ndipo makina athu amatha kuloza kuti awa akuchokera kuti komanso asakanikirana motani. Ulendo wa madzi akuyawa kuzungulira dziko umatenga zaka pafupifupi 1,000. Ndiye madzi ndinatayitsa aja mwina anaona dzuwa komaliza agogo a agogo anga asanabadwe.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota, ndinkasambira m'nyanja daily osadziwa kuti ma diatom alimonso mmenemo. Ndinadzamvera kuno, kwa eni kuzizira, kuti nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700, ndipo kupitirira mamita 250 mulibe mpweya wa okosijeni poti madzi apansi sasakanikirana kwenikweni ndi apamwamba. Zinandiwawa pang'ono kuti ndinachita kuuzidwa ndi mlendo.

Amayi, mawa ndili ndi mabotolo ena oti agone mu asidi, sitima ikuyembekeza. Usipa uja munalonjeza musaiwale kupatsira amene akubwera kuno.